Mmene Ndinafufutira Namba Seveni

Ana anga, mutu uwu ndauzengereza kwa miyezi itatu. Mayi anu nkhaniyi akuidziwa yonse, koma inu munali kutali, wina kusukulu wina kuntchito, ndipo chimene munamva n'chakuti bambo abwerera kumudzi chifukwa kontrakiti yawo ya ku Balaka yatha. Inathadi. Koma isanathe panachitika zinthu zimene ndikufuna muzimve kwa ine, osati kwa anthu a m'njira.

Machinga, mpaka njala ya 2002

Ntchito yanga yoyamba inali yokonza mawailesi a mauthenga ndi mataipi pa boma la Machinga, masiku amene achikulire ankatchulabe malowo kuti Kasupe. Ndinkayenda ofesi ndi ofesi ndi kachikwama ka zida, malaya akununkha mafuta a makina. Makompyuta oyamba atafika panalibe wowadziwa, ndiye akuluakulu anangoti, "Kalinde uja amatsegula mawailesi, atsegulanso zimenezi." Umo ndi mmene ndinakhalira munthu wa makompyuta. Zambiri ndinaziphunzira nditawononga kaye, ndipo satifiketi yake ndinadzaipeza imvi zitayamba kale kumera.

Njala ya 2002 ndinaionera pa windo la ofesi. Anthu ankatsika m'mapiri atasenza nkhuni, ena mbale ndi mapoto a m'nyumba zawo, kudzagulitsa m'mbali mwa msewu wa ku Zomba. Ifenso kunyumba tinadya gaga, inu aakulu mukukumbukira. Komabe m'mutu mwanga ndinkati njala ndi nkhani ya alangizi ndi anamwino. Ine anga anali mawaya.

Balaka

Patapita zaka ndinasiya ntchito ya boma n'kulowa bungwe lina lothandiza ana onyentchera, limene ofesi yake inali ku Balaka, chapafupi ndi njanji. Dzina la bungwelo sinditchula, chifukwa muli anthu abwino ambiri mmenemo ndipo cholakwa chimene ndifotokoze chinali changa. Bungweli linkapereka chiponde ndi ufa wa phala la likuni m'zipatala zing'onozing'ono khumi ndi ziwiri za ku Machinga ndi ku Balaka. Pa chipatala chilichonse tinaikapo kompyuta yosungira mbiri ya ana, imene timaitcha seva, yoyendera magetsi a dzuwa. Anamwino akayeza mwana ankalemba mmenemo kulemera kwake ndi mapaketi amene walandira, ndipo seva inkatumiza zonsezo ku Balaka kudzera pa netiweki ya foni.

Kuti ndizidziwa ngati maseva onse akugwira ntchito, pa khoma la ofesi yanga panali sikirini yaikulu ya pulogalamu yolondera. Tinkangoitcha kuti mlonda. Seva iliyonse inali ndi mzere wake ndi namba yake. Ikamayankha mzerewo unkakhala wobiriwira, ikangokhala chete unkafiira, ndipo mlonda ankanditumizira uthenga pa foni. Ndinkanyadira khoma limenelo. Ndili pampando ndinkatha kudziwa kuti uku batire yafooka, uko mbuzi yakoka waya.

Namba seveni kanali kachipatala kakutali kuposa tonse, kupitirira Chikweo kulowera ku nyanja ya Chiuta, kwa asodzi ndi alimi a chinangwa. Anamwino ake anali mayi Asiyatu, munthu wamfupi, wosakonda zocheza zambiri. Seva yawo ndiyo inkakhala yopanda fumbi kuposa zonse.

Tsiku lina kunabwera a Saidi, kalaliki wa ku nyumba yosungira katundu. Anaima n'kuyang'ana khoma lija kwa kanthawi, kenako anati, "A Kalinde, zipatala zimene lole ikasiyeko chiponde ndimazilemba pamanja mwezi ndi mwezi, ndipo nthawi zina ndimadumpha. Inu muli nazo zonse apa. Simungakonze zoti mndandanda wanga uzingochokera pamenepa?" Ndinati n'zotheka. Masana amodzi okha ndinalumikiza ziwirizo, kuti chipatala chilichonse chimene chili mwa mlonda chizituluka chokha pa pepala la lole. A Saidi anathokoza, anandigulira chinangwa chokazinga. Sindinalembe paliponse kuti ndachita zimenezi. Ndinati ndizikumbukira.

Chaka cha madzi osefukira, 2015

Mvula ya kumayambiriro kwa chaka chimenecho inawononga mabatire ndi masola m'malo ambiri, ndipo amene ankatithandiza pa za makompyuta anati sagulanso ena. Akuluakulu anagamula kuti maseva anayi achotsedwe, zipatala zakezo zibwerere ku mapepala koma chiponde zizilandirabe. Ndinapita ndekha kukawazula. Ku namba seveni mayi Asiyatu anandithandiza kunyamula mpaka pa galimoto. Nditawapepesa anangoti, "Tengani, ana sadya bokosi. Bola chiponde chizibwera."

Maseva anachoka, koma mayina awo anatsala mwa mlonda. Pulogalamu ija sidziwa kuti makina achotsedwa. Iyo imangoitana, ikapanda kuyankhidwa imafiira. Mizere inayi inakhala yofiira miyezi yonse imeneyo, ndipo anzanga ankaitcha mizukwa ya a Kalinde. Foni yanga inkalira tsiku lonse, ngakhale ndili m'tchalitchi. Ndinayenera kuchotsa mizereyo kalekale, koma magetsi anali akuzimazima, jenereta ikufuna dizilo amene kunalibe, ndipo ntchito yosesa zotsalira ndi imene munthu amati mawa. Nthawi zina maso akagwera pa namba seveni ndinkaimbira mayi Asiyatu kungowapatsa moni, ndipo iwo ankandiuza makatoni amene atsala. Mwa mwayi chabe, mizere yofiirayo inkachititsa kuti zipatala zinayi zija zizitulukabe pa pepala la lole. Ine sindinaganizeko zimenezo.

Chakumapeto kwa chaka a Saidi anawasamutsira kuchigwa cha Shire. M'malo mwawo munalowa kalaliki watsopano wosadziwa madera athu, amene ankangotsata zimene zasindikizidwa.

Januwale 2016

Mvula inagwa pang'ono, anthu anabzala, kenako kumwamba kunatseka. Chimanga chinafota chisanafike m'chiuno. Pa msika wa Balaka amayi ankasesa njere zogwera pansi pa masikelo, n'kuzipeta pomwepo. Anthu ankaphika mango osapsa. Pa geti la ofesi yathu m'mawa uliwonse pankakhala anthu ofuna ganyu, ena atabereka ana a tsitsi lofiira, ndipo ife tinkadutsa pakati pawo ndi zikwama zathu. Ntchito inachuluka, malole akutuluka tsiku ndi tsiku, antchito atsopano atadzaza ofesi moti ena sindinkawadziwa n'komwe mayina.

Abwana athu anali a Kachingwe. Sanali munthu woipa. Ankafika oyamba, ankachoka omaliza, ndipo anaonda chaka chimenecho ngati tonsefe. Lolemba lina analowa mu ofesi yanga n'kuloza pa khoma.

"A Kalinde, Lachinayi kukubwera alendo amene tikuwapempha chiponde choonjezera. Akaona zofiirazi aziti zinthu zathu sizikuyenda. N'chiyani chimenechi?"

"Ndi maseva amene tinachotsa aja, bwana. Kwatsala mayina okha."

"Ali ndi ntchito?"

"Iyayi, alibe."

"Ndiye afufuteni lero."

Funso analifunsa bwino, ndipo yankho ndinapereka ndine. Ntchito yake siinali yovuta. Dzina la seva limakhala m'malo atatu: pa mndandanda wa makina, pa magulu a madera, ndi pa malamulo otumizira uthenga. Ukachotsa pamodzi n'kusiya pena, pulogalamu imakana kuyamba, ndiye ndinachita mosamala, dzina ndi dzina. Pa lililonse inandifunsa ngati ndikutsimikiza, ndipo ndinavomera kanayi. Nditaiyambitsanso khoma lonse linabiriwira. A Kachingwe anadzaona, anagwedeza mutu n'kutuluka. Alendo anabwera, anayamikira, ndipo chiponde choonjezeracho anatilonjeza. Foni yanga inakhala chete kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri, ndipo ndisaname, ndinasangalala. Kuyambira tsiku limenelo panalibenso chondikumbutsa kuimbira mayi Asiyatu.

Zipatala zitatu zinazo zinali pafupi ndi msewu wa tala. Zitaona kuti lole sikufika zinatuma anthu panjinga kudzatenga, ndipo alonda a ku nyumba ya katundu ankawadziwa, anawapatsa. Palibe anafunsa chifukwa chake.

Kumapeto kwa Febuluwale 2016

Linali Lachinayi, cha m'ma thwelofu. Ndinamva mawu a mayi pa khonde akufunsa ofesi ya a Kalinde. Nditatuluka ndinapeza mayi Asiyatu, yunifolomu yawo itafiira ndi fumbi, m'manja atagwira kope la ana a sukulu. Anali atakwera kabaza mpaka ku Ntaja, minibasi mpaka ku Liwonde, ina mpaka ku Balaka. Ndinawapatsa mpando, anakana.

"A Kalinde, chiponde chinatha masabata asanu apitawo. Ndakhala ndikuimba foni ya ofesi ino. Woyamba anati lole ikubwera. Wachiwiri anayang'ana pa kompyuta n'kunena kuti malo athuwo si a bungwe lino. Yanu ndinaimba kawiri, siinalowe. Ndati ndibwere mundiuze pamaso ngati munatisiya."

"Sitinakusiyeni, mayi. Pali polakwika penapake."

Anatsegula kope lija. Munali mayina a ana amene ankalandira chiponde, ndipo atatu anali atawadula ndi mzere. Anandiuza kuti amayi ena anasiya kubwera ataona kuti akubwerera chimanjamanja, anapita kunyanja kukafukula nyika, mizu ya maluwa a m'madzi, kuti adye. Ana awiri anawatumiza ku chipatala chachikulu mapazi atatupa kale, mmodzi anafera m'njira. Ena awiri anafera kunyumba.

"Sindinganene kuti onse akanakhala moyo," anatero. "Mmodzi anali ndi malungo. Koma awiriwa anali atayamba kulemera."

Tinapita limodzi ku nyumba ya katundu. Kalaliki watsopano uja anatulutsa mapepala a lole a miyezi iwiri, ndipo pa onsewo panali zipatala zisanu ndi zitatu. Anati iye salemba pamanja, pepala limatuluka lokha. Atangotero ndinakumbukira a Saidi ataima kutsogolo kwa khoma langa. Ndinakhala pa katoni. Mayi Asiyatu anandifunsa ngati ndikudwala, ndinati iyayi.

A Kachingwe atamva kuti namba seveni yakhala masabata asanu yopanda kanthu sanachedwe. Analamula kuti lole ipakidwe pompo, ndipo m'mawa mwake inanyamuka mayi Asiyatu ali kutsogolo. Ine ndinabwerera ku ofesi n'kutsegula logi, imene ndi buku la m'kati mwa kompyuta lolemba lokha kuti wakutiwakuti wakhudza chakuti pa nthawi yakuti. Zonse zinali mmenemo: dzina langa, tsiku lija, mizere inayi. Mu ofesi yonse wodziwa kuwerenga logi ndinali ndekha, ndipo wokhoza kuifufuta ndinalinso ndekha.

Lachisanu masana ndinawauza a Kachingwe zonse. Anamvetsera atagwira chipumi. Nditamaliza anatseka chitseko.

"Mwauzako wina?"

"Iyayi, bwana."

"Likulu likufuna lipoti Lolemba. Kamlatho ka kumeneko kanakokoloka, si choncho?"

"Kanakokoloka, koma anakakonza patatha sabata imodzi."

"Ndiye msewu unali woduka. Si bodza. A Kalinde, ndimvetseni. Alendo aja akamva kuti tinataya chipatala chifukwa cha kompyuta yathu yomwe, akhoza kuimitsa katundu kuti afufuze kaye. Mwezi umodzi wokha ataimitsa, kudzafa ana angati? Bwezeretsani dzinalo mwakachetechete. Akufawo sitingawadzutse."

Ndikuuzeni zoona, mawu amenewo anali ndi nzeru, ndipo mtima wanga unawalandira msanga kwambiri. Ndinali nditatsala zaka zochepa kupuma ntchito. Dzina ndinalibwezeretsa tsiku lomwelo, pamodzi ndi atatu enawo, ndipo ndinadula kulumikizana kuja kuti pepala la lole lisadalirenso mlonda. Logi ndinaisiya, sindinaifufute ndipo sindinaisindikize.

Loweruka ndinapita kumunda ndi mayi anu, ngakhale kunalibe cholimira. Ndinawafotokozera tili chiimire pakati pa mapesi ofota. Iwo za maseva sazidziwa, koma anafunsa funso limodzi.

"Zimene munalumikizazo munachitanso kwina?"

Ndinati eya. A Saidi atasamukira kuchigwa ananyadira nzeru imeneyi, ndipo ndinatumizira mnzanga wa makompyuta wa kumeneko njira yake yonse. Maofesi ena awiri anatengeranso.

"Ndiye kumenekonso kuli munthu ngati inu amene tsiku lina abwana adzamuuza kuti asese," anatero mayi anu. "Mukalemba za mlatho, iyeyo adzadziwa bwanji?"

Ndinati ndikhoza kungomuimbira foni mwachinsinsi. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Zachinsinsi ndi zimene zakufikitsani pano, bambo. Munasunga m'mutu, mutu n'kuiwala."

Lolemba m'mawa ndinasindikiza logi ija, ndinalemba kalata ya masamba awiri yofotokoza zimene ndinalumikiza, zimene ndinafufuta ndi zimene zinatsatira. Sindinalembemo kuti ndinachita kuuzidwa, chifukwa wonena kuti mayinawo alibe ntchito ndinali ine. Ndinakaiika pa tebulo la a Kachingwe n'kuwauza kuti ina ndatumiza kale ku likulu. Anaiwerenga mpaka kumapeto, anavula magalasi.

"Mwadzipha nokha, a Kalinde."

"Mwina, bwana."

Kenako anatenga lipoti lawo la mlatho lija, analing'amba pakati, n'kusaina pansi pa kalata yanga.

Kunabwera anthu ofufuza. Katundu sanaimitse, koma kwa masabata awiri tinkagona ndi mantha amenewo, ndipo akanaimitsa sindikudziwa kuti lero ndikanalemba chiyani. Ku ofesi ya kuchigwa anapeza kuti mnzanga uja anali atakonza kale tsiku lofufuta maseva awiri akufa. A Kachingwe anawasamutsa. Ine ndinalandira kalata ya chenjezo, ndipo kontrakiti yanga itafika kumapeto sanaionjezere. Sindinakadandaule kulikonse.

Malichi 2016

Ndisanachoke ndinapempha kukwera nawo lole yopita ku namba seveni. Tinadutsa minda youma mpaka tinayamba kuona madambo a ku Chiuta. Pa chipatala panali mzere wa amayi pansi pa mtengo wa mango wopanda ndi chipatso chimodzi chomwe. Mayi Asiyatu anali atamva kale za kalata yanga. Sanandipatse dzanja. Anati, "Tsitsani kaye makatoni," ndipo ndinatsitsa pamodzi ndi adalaivala mpaka msana unandiwawa.

Titamaliza ndinawapempha kuti andionetse makolo a ana aja. Anati awiri anapita kutsidya kwa nyanja kukafuna chakudya, koma mmodzi ali pa mzere pomwepo. Anali mayi wachitsikana, mkazi wa msodzi, atabereka khanda, kamtsikana kena kali pambali katagwira nsalu yake. Amene anamwalira anali wapakati pa awiriwa, mnyamata. Mayiyo Chichewa ankamva pang'ono, ndiye mayi Asiyatu ankamasulira m'Chiyao.

Ndinagwada. Ndinali nditakonza mawu m'njira monse, koma pamenepo anandithawa. Ndinangoti ndine amene ndinachititsa kuti chiponde chisabwere, kuti dzina la chipatala chino linali pa mndandanda ndipo ine ndinalifufuta osadziwa chimene ndikuchita. Mayi Asiyatu anamasulira. Mayi uja sanalire, sanakalipe. Anandiyang'ana nsapato, kenako kumaso, n'kufunsa kanthu.

"Akuti munakwiya ndi ndani kuno?" anatero mayi Asiyatu.

"Sindinakwiye ndi munthu. Ndinkangokonza pa ofesi kuti paoneke bwino."

Anamasulira. Mayiyo anakhala ngati akuyembekeza kuti ndipitirize. Anafunsanso.

"Akuti pano mwalembanso?"

"Ndalembanso, mayi."

Anagwedeza mutu. Anakoka kamtsikana kaja n'kukaimika patsogolo panga, anakakweza dzanja la diresi kuti ndione mkono wake. Unali ngati bango. Analankhula mawu ochepa, akuyang'ana ine osati womasulira.

Mayi Asiyatu anazengereza pang'ono asanandiuze. "Akuti uyu dzina lake ndi Patuma. Akuti mumuone bwinobwino, popeza kumene mumakhalako simutiona."

Ndinamuona. Kenako mzere unasuntha, ndipo mayiyo anagwira mwana wake pa dzanja n'kupita kukayezetsa.